Yankho kwa achimwene a ku Luchenza pa za disiki ya Crash

Achimwene, mwafunsa ngati disiki ya gemu ya Crash Bandicoot ya PS4 (PlayStation 4) imene mwagula ku Limbe ndi yachinyengo, poti pachikuto palibe dzina la kampani ya Naughty Dog monga zinalili pa PS1. Mtima m'malo, sanakubereni. Crash sanakhalepo katundu wa Naughty Dog chiyambire.

Kampaniyi anaiyambitsa ndi anyamata awiri a ku America, Andy Gavin ndi Jason Rubin, mu 1984 akadali pasukulu. Poyamba inkatchedwa JAM Software, dzina la Naughty Dog linabwera mu 1989. Crash Bandicoot anatuluka mu 1996, wachiwiri mu 1997, Warped mu 1998, kenako mu 1999 kunabwera Crash Team Racing, ija ya timagalimoto imene inkatichedwetsa kubwerera kunyumba. Onsewa anawapangadi ndi iwowo, koma mwini dzina la Crash anali kampani ya Universal Interactive. A Naughty Dog anali ngati mmisiri womanga nyumba, amene akamaliza amapereka makiyi kwa eni ake. Sony itagula kampaniyi mu 2001, Crash anatsala kwa eni akewo. Dzinalo linayenda m'manja ambiri mpaka linafika ku Activision, ndiye N. Sane Trilogy ya 2017, imene ndi magemu atatu oyamba aja okonzedwanso, anaikonza ndi a Vicarious Visions, pomwe Crash 4 ya 2020 ndi ya a Toys for Bob. Choseketsa n'chakuti Microsoft inagula Activision mu 2023, moti kanyama kamene tinkakadziwa ngati chizindikiro cha PlayStation lero n'ka eni ake a Xbox.

A Naughty Dog atasiyana ndi Crash anapanga Jak and Daxter pa PS2. Pa PS3 anasintha kachitidwe, n'kuyamba magemu okhala ngati filimu: Uncharted mu 2007 ndi The Last of Us mu 2013. Uncharted 4 inatuluka mu 2016, The Last of Us Part II mu 2020.

Tsono poti munanena kuti ndi za pashopu yanu yoseweretsa magemu, apa mumvetsetse. Magemu awo atsopanowa ndi okoma kwambiri, ine Uncharted 2 ndimaiika pamwamba pa onse, koma salowetsa ndalama pamalo olipiritsa. Nkhani yake amasewera munthu mmodzi, ndipo imatenga maola ambirimbiri. Mwana walipira mphindi zochepa, theka la nthawiyo wangoonera anthu akuyankhulana m'Chingerezi, anzake ali phee pabenchi kudikira. Magetsi akathima pakati, mkangano wobweza ndalama wayambika. Komanso The Last of Us ndi ya akuluakulu, muli kuphana koopsa. Makolo akamva kuti ana awo akuonera zimenezo kwa inu, mbiri ya shopu iipa msika usanathe.

Ngati muli ndi ndalama ya disiki ina, funani Crash Team Racing Nitro-Fueled ya 2019, imene anaikonza ndi a Beenox. Anthu anayi amapikisana pa sikirini imodzi popanda intaneti, mpikisano umatha msanga, woluza n'kupereka padi kwa wina. Chofunika ndi mapadi anayi basi, ndipo muwayese kaye musanalipire, chifukwa akaunjika ambiri timitengo take timakhala titatha kale.