Phiri la Kasungu ndi limodzi, koma ulijambule kakhumi ndi kawiri

Mtsikana wina wa Folomu 3 ku Kasungu wandilembera kuti akufuna kujambula ndi penti zithunzi zingapo zoonetsa kwawo. Wajambula kale msika, depoti ya basi ndi damu, ndiye akuti nzeru zamuthera. Bambo akenso akumuuza kuti zojambulajambulazi sizidzamudyetsa.

Mwanawe, nzeru sizinathe ayi, koma ukudumphadumpha. Zithunzi zitatu za malo atatu zilibe chozimanga pamodzi. Sankha chinthu chimodzi, ukakamire pomwepo chaka chathunthu. Ndikanakhala iwe ndikanatenga phiri la Kasungu, poti sufunika ndalama ya thiransipoti kuti ukalione.

Peza poima pamodzi, kaya pansi pa mtengo wa mango kaya kuseri kwa sukulu, uzibwerera pomwepo mwezi ndi mwezi. Mu Januwale mvula ikangokata, phiri limaoneka ngati lasendera pafupi, miyala yake ili mbee, fodya m'minda ali biriwiri. Pofika Epulo zigafa zadzaza, masamba a bale akufiirira. Mu Okutobala, utsi wa lupsa ndi fumbi zikadzaza mlengalenga, phiri lomwe lija limatuwa moti kulisiyanitsa ndi thambo kumavuta. Apa ndi pomwe ana ambiri amalakwitsa: amalipaka lobiriwira chifukwa mutu ukuwauza kuti mitengo njobiriwira, pomwe maso akuona zina. Chinthu chikatalikira mtundu wake umazilala n'kupendekera ku buluu. Choncho paphiri sakaniza penti woyera ndi kabuluu pang'ono, mitundu yowala uisungire zapafupi, monga dothi lofiira la m'njira kapena mayi wosenza nkhuni.

Usadalire foni yokha, imanama mitundu. Khala pamalopo mphindi 20 ndi pensulo, lemba tsiku, nthawi ndi mitundu yomwe waona, penti ukapakire kunyumba. Matabwa ojambulapo onse akhale a saizi imodzi kuti ukawandandalika azioneka kuti ndi apachibale. Hadibodi yopakidwa kaye PVA woyera, yemwe uja wopaka m'nyumba, imakwanira poyambira. Ukatha 12, pamenepo ungaganize za Nguru ya Nawambe, nyumba yomwe inali ya Dr Kamuzu Banda, kapena mtengo wa kachere wa ku Mtunthama, pomwe iye adayambira sukulu.

Kwa inu bambo, nkhawa yanu ndaimva ndipo sindikunamizani kuti zithunzi za mapiri zimagulidwa ngati mtedza. Koma dzanja lomweli ndi lolemba zikwangwani za magolosale, lojambula zithunzi za m'mabuku a sukulu, lokonza zotsatsa malonda pa kompyuta. Ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa zojambula, ndipo kuti munthu asankhidwire ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE, Chingerezi chili momwemo. Ndiye penti akhale wa Loweruka, masiku enawo mabuku. M'makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA mulinso kosi ya zopakapaka ndi kukongoletsa nyumba.

Mukapeza mpata patchuthi, mupite naye ku Kungoni ku Mua, m'boma la Dedza, malo omwe bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976. Akaone anthu osema ndi ojambula ali pa ntchito, ndipo asaiwale kunyamula zithunzi zake zitatu zija.