Pampu Yobweza Madzi Kuchokera mu Sampu: Paipi Yotsitsa Ndiyo Imalamula

Owerenga athu ena atilembera imelo motere: "Ndili ndi thanki ya nsomba za m'madzi amchere ya malita 300, mulitali masentimita 120, mulifupi 50, ndipo sampu (thanki yaing'ono yosefera madzi) ili pansi mu kabati. Ndinagula pampu yolembedwa kuti imapopa malita 4,000 pa ola. Ndikangoiyatsa, paipi yotsitsa madzi imalira ngati sinki yoti ikumeza madzi, madzi a mu thanki amakwera mpaka kutsala pang'ono kusefukira, komanso timathovu tadzaza ponseponse. Kodi ndinagula pampu yolakwika?"

Musathamangire kukagula ina. Vuto lanu ndi lakuti pampuyo ikukweza madzi ambiri kuposa amene paipi yotsitsa ingathe kubweza pansi. Ntchito ya pampu imeneyi ndi kungodutsitsa madzi mu sampu kuti akumane ndi skimmer (makina ochotsa zonyansa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu), hita ndi zosefera. Mafunde amene makorale amafuna ndi ntchito ya ma wavemaker, timapampu topanga mafunde ta mkati mwa thanki. Pa chifukwa chimenechi, ambiri amafuna kuti madzi a thanki yonse adutse mu sampu katatu mpaka kasanu pa ola. Kwa inu ndiye kuti malita 900 mpaka 1,500 pa ola, poyeza pamene madziwo akutulukira mu thanki.

Nambala ya 4,000 ili pa bokosi ija isakunyengeni. Imeneyo amayeza pampu isakukweza madzi m'mwamba ngakhale pang'ono. Tengani tepi muyeze kuyambira pamwamba pa madzi a m'chipinda chomaliza cha sampu kukafika pamene madzi amatulukira mu thanki. Kawirikawiri pamakhala mita imodzi ndi masentimita 20 kapena kuposerapo pang'ono. Chigongono chilichonse cha paipi chimadya mphamvu, paipi yopyapyala imadya kwambiri, ndipo vavu nayo imatenga gawo lake. Mukatero onani tchati cha m'kabuku ka pampuyo chosonyeza madzi amene imapereka pa msinkhu uliwonse. Njira yosanama ndi ya ndowa: lozetsani madzi otuluka mu paipi yotsitsa mu ndowa ya malita 10 n'kuwerenga nthawi. Ikadzaza mu masekondi 30, ndiye kuti mukupopa malita 1,200 pa ola. Ikadzaza mu masekondi 15, mwafika 2,400, ndipo paipi imodzi ya inchi imodzi yotsitsa madzi osakanikira ndi mpweya singanyamule madzi otere mwakachetechete.

Kuchepetsa kwake kumadalira mtundu wa pampu. Ngati ndi ya DC, monga za Jebao, EcoTech Vectra kapena Reef Octopus VarioS, ili ndi kontirola: yambirani pansi, muzikweza pang'onopang'ono, ndipo mukasintha kamodzi dikirani mphindi zingapo kuti madzi akhazikike. Ngati ndi ya AC, ikani vavu pa paipi yotulutsa madzi n'kuitseka pang'ono. Pampu yotere siwonongeka chifukwa chopanikizidwa potulukira. Chimene chimaiwononga ndi kuipana polowera madzi: impela, kachipangizo kozungulira kamene kamakankha madzi mkati mwa pampu, imayamba kusowa madzi, imachita phokoso ngati muli timiyala, kenako imadyeka. Ife timakonda gate valve (vavu yotseka pang'onopang'ono mukamapotokola) kuposa ball valve (vavu ya kampira mkati) chifukwa ya mpirayo ukangoikhudza pang'ono madzi asintha kale kwambiri. Ikaninso ma union, zolumikizira paipi zotheka kumasula, mbali zonse za vavu kuti muzitha kuchotsa pampu osadula paipi.

Phokoso lomeza lija limabwera paipi yotsitsa ikamasinthasintha pakati pa kukoka madzi okhaokha ndi kukoka mpweya. Ngati bokosi lanu la overflow, limene madzi a mu thanki amasefukiramo popita ku paipi yotsitsa, lili ndi mabowo awiri, gwiritsani ntchito njira yotchedwa Herbie: paipi yoyamba ikhale yomira ndithu, yokhala ndi gate valve imene mumaitseka mpaka izidzaza madzi opanda mpweya, ndipo yachiwiri ikhale yokwererapo, yopanda vavu, yodikira tsiku limene nkhono idzatseke yoyamba ija. Ngati bowo ndi limodzi lokha, musaike vavu pamenepo ayi. Chepetsani pampu basi.

Timathovu nthawi zambiri timatha madzi akachepa liwiro, chifukwa timakhala ndi mpata wokwera pamwamba tisanafike pa pampu. Tikapitirira, onani ngati madzi a m'chipinda cha pampu sanatsike. Madzi onse ouluka ngati nthunzi amaonekera m'chipinda chimenecho chokha, ndipo pampu ikayandikira pamwamba imapanga kamvuluvulu n'kumameza mpweya. Onjezerani madzi opanda mchere a RO/DI (osefedwa ndi makina mpaka kutsala madzi okhaokha), poti mchere suuluka, kapena ikani makina odzazira okha.

Pali china chimene simunafunse koma n'chimene chimanyowetsa nyumba zambiri. Magetsi akathima, madzi amabwerera chammbuyo kudzera mu paipi ya pampu mpaka kamwa lake litatuluka m'madzi. Thanki yanu ya 120 kwa 50 imatsitsa malita 6 pa sentimita iliyonse. Kamwa lomira masentimita 4 ndi malita 24, osawerengera madzi a m'mapaipi. Kwezani kamwalo likhale pafupi ndi pamwamba pa madzi, kapena boolani kabowo kakang'ono pa paipi pansi pang'ono pa mlingo wa madzi kuti mpweya ulowe. Kabowoko kamatsekeka ndi ndere komanso mchere, choncho muzikatokosa. Check valve, vavu yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo, musaidalire yokha. Kanyongolotsi kamodzi kakamera mkati mwake, siitsekanso bwino. Zimitsani pampu dala mutaima pomwepo, muone pamene madzi aima mu sampu, ndipo lembani mzere wosonyeza malire odzazira pampu ikuyenda.

Pakapita miyezi itatu kapena inayi, chotsani impela muiviike mu viniga kapena citric acid wosungunula, chifukwa laimu amakonda kumata pamene pali kutentha. Kabati ikamanjenjemera, khazikani pampu pa kamphasa ka silikoni ndipo lumikizani kachidutswa ka paipi yofewa pakati pa pampu ndi paipi ya PVC.