Chifukwa chake ife a ku Dedza timakondabe Maule

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji anthu ambiri kuno timavalabe zofiira za Bullets pomwe tili ndi timu yathuyathu, Dedza Dynamos. Funso lanu ndi labwino, ndipo ndiyankha monga munthu wakulira ku Linthipe.

Dynamos yalowa mu Super League dzulodzuloli, mu 2022. Bullets inabadwa mu 1967 ku Blantyre. Zaka zonsezo ife kuno mpira wa ligi tinkangoumvera pa wayilesi ya MBC, titazungulira kawayilesi kamodzi pagolosale, mabatire titawayanika padzuwa m'mawa kuti afike mpaka mpira kutha. Dzina lomwe linkamveka kwambiri linali Bata Bullets ndi Kinnah Phiri. Bambo anga anamwalira asanapondeko pa Kamuzu Stadium, koma ankakamba za zigoli za Kinnah ngati anaziona ndi maso.

Ine chomwe chinandimanga ndi 2004. Nthawi imeneyo timuyi inkatchedwa Bakili Bullets chifukwa a Bakili Muluzi ndiwo ankaithandiza ndi ndalama, ndipo Kinnah yemwe uja anali mphunzitsi. Anyamata aja, Peter Mponda kumbuyo, Swadick Sanudi pagolo, Fischer Kondowe akuthamanga m'mbali, anatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa n'kufika m'magulu a CAF Champions League. Kumeneko anakumana ndi Étoile du Sahel, Africa Sports ndi Enyimba ya ku Nigeria, yomwe inadzatenga chikhocho chaka chomwecho. Tsiku lotulutsa Pirates ngakhale anzathu a Manoma ena anavina nafe. Apo n'kuti ligi ikungopita ku Bullets chaka ndi chaka mpaka 2005.

Kenaka panadutsa zaka zowawa, thandizo litatha, osewera akudandaula za malipiro. Ambiri sitinasunthe. Zinthu zinadzakhazikika kampani ya Nyasa Manufacturing itatenga timuyi. Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe atabwera anatenga ligi kasanu motsatizana, ndipo mu 2023 anasesa zonse zinayi: ligi ya TNM, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup.

Musaganize kuti Dynamos sitiikonda. Yatibweretsera mpira waukulu pakhomo, ndipo ikamasewera pa Dedza Stadium ndimalipira pageti n'kukuwa mpaka mawu kusasa. Koma tsiku limene Maule abwera ndimavala jezi yanga yofiira, mwana wanga wamwamuna amakakhala kwa a Dynamos, ndipo timakumana pageti mpira ukatha.