Kodi Boxer 150 ingakwere ku Nyika? Yankho kwa achimwene a ku Area 25

Wowerenga wina wa ku Area 25 ku Lilongwe wanditumizira imelo. Ndaidula pang'ono, koma nkhani yake ndi iyi: "Tilipo anyamata asanu, aliyense ndi njinga yake yamoto. Zinayi ndi ma Boxer 150, imodzi ndi Honda XL yakalekale. Tikufuna kupezerapo mwayi pa holide ya 6 July tikazungulire ku Nyika ndi ku Livingstonia masiku anayi. Mnzathu mmodzi waphunzira kukwera chaka chomwe chino, ndipo akufuna kutenga mkazi wake kumbuyo. Kodi tinjinga tathuti tikakwera mapiri amenewo, kapena tibwereke zikuluzikulu?"

Achimwene, za njingazo musataye nazo tulo. Anyamata a kabaza a ku Rumphi ndi ku Bolero amayenda m'misewu yafumbi ya kumeneko tsiku ndi tsiku pa njinga zonga zanuzo, ena atasenza matumba a feteleza. Njinga yaing'ono ikagwa, munthu mmodzi amaidzutsa yekha, ndipo ikavuta makaniko wa pamsika uliwonse amaidziwa mkati ndi kunja. Yobwereka ya 650cc imene simunaizolowere ndi imene ingakuphwanyeni mwendo pakona. Zimene zandidetsa nkhawa ine ndi ziwiri zimene mwangozitchula modutsa: masiku anayiwo, ndi mnzanu watsopanoyo. Ulendo wonse muukonze poyang'ana iyeyo, chifukwa pamene iye watopera ndi pamene gulu lonse ligone.

Masiku anayi sakwana. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu ndi makilomita opitirira 350, kudzera ku Kasungu, Jenda ndi Chikangawa. Pa galimoto ndi theka la tsiku, koma pa 150cc, mukupumira malole ndi kupumitsa msana, dzuwa likuthera pamsewu. Pobwerera chimodzimodzi. Ndiye kuti masiku awiri apita kale pa phula, musanaone n'komwe fumbi limene mwadzera. Pezani masiku asanu ndi limodzi. Akakana abwana kuntchito, sankhani chimodzi, Nyika kapena Livingstonia, china chidikire chaka chamawa.

Tsiku loyamba mukagone ku Mzuzu. M'mawa mwake mupite ku Rumphi, makilomita pafupifupi 70, ndipo pamenepo ndi pamene muyenera kukhala pansi n'kuwerengera mafuta, chifukwa kutsogolo kulibe filing'i imene mungaidalire. Kuchoka pa Rumphi boma kudzera ku Bolero mpaka pageti la Thazima ndi makilomita pafupifupi 55, ndipo kuchoka pagetipo kukafika ku Chelinda, kumene kuli malo ogona, ndi enanso pafupifupi 60. Kupita ndi kubwera, kuphatikizapo kuzungulira pamwambapo, mukuyandikira makilomita 300. Thanki ya Boxer imalowa malita 11. Musawerengere mmene imamwera mu tawuni. Pa giya wani ndi thu, pachitunda, mutasenza katundu, imamwa kwambiri. Ine ndimawerengera makilomita 30 pa lita kuti ndisanamizidwe, choncho aliyense anyamule chigubu cha malita asanu chotseka bwino, amangirire kutali ndi ekizozi. Kukakhala kuti mafuta akusowa m'dziko muno, monga zimachitikira nthawi zina, imbirani wina wa ku Rumphi akuuzeni mmene ziliri musananyamuke ku Mzuzu. Ndalama zolipira pageti ndi zogonera zikhale za m'thumba, popeza netiweki kumeneko imabwera ikafuna. Muimbirenso a Nthambi yoona za nyama zakutchire pasadakhale, muwauze kuti mukubwera pa njinga zamoto zisanu, mumve malamulo ndi mitengo ya panopa.

Makilomita 115 amenewo musawaone kuchepa. Muwapatse maola asanu kapena kuposa, ndipo pageti la Thazima mukhale mutadutsa nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Mu July ikamakwana 6 koloko kumakhala kutada, ndipo mdima wa m'paki si woyendamo pa njinga. Chigawo cha kumunsi, m'nkhalango ya miombo pafupi ndi Thazima, mumapezeka njovu. Mukaona ndowe zatsopano pamsewu chepetsani liwiro, ndipo mukaziona zenizenizo imani patali, musalize hutala, zidutse zokha.

Mukamakwera, mitengo imayamba kuchepa mpaka mutulukira pa udzu wokhawokha, zitunda zotsatizana mpaka kumene maso alekezera. Iyi ndi paki yaikulu kuposa zonse m'Malawi, malo opitirira masikweya kilomita 3,000, ndipo inakhazikitsidwa mu 1965. Msewu wina umayenda m'malire enieni, moti pena mumapezeka muli ku Zambia osadziwa, popanda wokufunsani pasipoti. Mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zimadya poyera, ndipo kwa munthu amene ali pa njinga palibe galasi pakati pa iye ndi izo. Mugone masiku awiri ku Chelinda, pafupi ndi nkhalango ya paini ndi madamu ake, tsiku lapakatilo mutsitse katundu muzungulire njinga zili zopepuka.

Pamwamba pamenepo njinga zanu zidzafooka, ndipo musathamangire kuzimasula. Chelinda ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ili pa 1,050 chabe. Nsonga ya Nganda imapitirira 2,600. Mpweya kumeneko ndi wopepuka, ndipo injini imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse pa mamita 300 alionse amene mwakwera. Njinga ya kabureta imalandira petulo wambiri kuposa mpweya, pulagi imada, ndipo m'mawa imavuta kulira. Mankhwala ake ndi pulagi yapadera m'thumba, fyuluta ya mpweya yoyera, ndi kutsitsa giya msanga m'malo mokakamiza. Mukatsika zonse zimabwerera mwakale.

Kuzizira ndiye musachite nako masewera. June ndi July ku Nyika kumagwa chisanu chenicheni, udzu umadzuka utayera. Jekete ya ku Lilongwe sikwanira. Valani zovala zingapo mophatikiza, pamwamba jasi ya mvula yotchinga mphepo, ndi magolovesi ochindikala, chifukwa zala zikauma simumva buleki kapena kilatchi. Komabe mwasankha nyengo yabwino. Maluwa a m'tchire amene Nyika imatchuka nawo amaphuka nthawi ya dzinja, koma nthawi imeneyo dothi lofiira la m'njiramo limaterera moti ngakhale odziwa amagwa.

Tsopano za kayendedwe ka gulu, pamene maulendo a anzake ambiri amasokonekera. Wodziwa njira akhale patsogolo, watsopanoyo akhale wachiwiri, ndipo wodziwa kukonza njinga akhale kumapeto ndi zipangizo. Mukamuika kumbuyo watsopanoyo amameza fumbi la anthu anayi, amaopa kutsalira, ndiye amathamanga kuposa nzeru zake, n'kukagwa pamene palibe womuona. Aliyense aziyang'anira amene ali kumbuyo kwake: ukafika pamphambano, ima mpaka uone nyali ya mnzako. Siyanani mtunda woti fumbi la wakutsogolo lithe kaye. Pamchenga musatseke mafuta mwadzidzidzi kapena kugwira buleki yakutsogolo. Thupi libwerere m'mbuyo pang'ono, maso ayang'ane kutali, njinga ipite yokha. Ndipo gwirizanani muli kunyumba kuti wina akati watopa, palibe womuseka. Anyamatafe timatha kupirira zopusa poopa kunyozedwa.

Mukatsika ku Nyika, mwetsaninso mafuta pa Rumphi, mubwerere pa M1, mutsike mtsetse wa Chiweta mosamala ndi malole, mukagone kunyanja ku Chitimba. Kumeneko ndi kotentha ndipo kuli udzudzu, neti isaiwalike. M'mawa mwake ndiye mukwere Gorodi, msewu wokwera phiri kuchoka ku Chitimba kupita ku Livingstonia.

Msewu umenewu ndi wamfupi, makilomita pafupifupi 15, koma uli ndi makona okhota kwambiri okwana 20 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo umakwera mamita oposa 700 kuchoka kunyanja. Anaulambula amishoni a ku Scotland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Dr Robert Laws atasamutsira mishoni ya Livingstonia paphiri la Khondowe mu 1894. Ndi wamiyala yogubuduka, wopapatiza, mbali ina phompho. Ndikukulangizani kuukwera m'malo moutsika chifukwa pokwera injini ndi imene imagwira ntchito, ndipo ukachita mantha umangotseka mafuta njinga n'kuima. Potsika munthu wamantha amakanirira mabuleki mpaka atenthe n'kusiya kugwira. Kona iliyonse muilowe ndi giya wani, kumbali yotambalala, mutaliza hutala, chifukwa mapikapu onyamula anthu amatsika momwemo ndipo sangapatuke. Mmodzi amalize kona wina asanalowe. Njinga ikazima pachitunda, gwirani buleki yakumbuyo ndi phazi, muisiye m'giya, mupendekere kuphiri.

Apa ndiye pali yankho la mlamu wathu. Munthu amene waphunzira kukwera chaka chino asanyamule mkazi wake pa Gorodi, ngakhale pa msewu wa ku Chelinda. Kulemera kwa munthu wachiwiri pamodzi ndi katundu kumapepula tayala lakutsogolo pachitunda, ndipo njinga ikapendekeka miyendo ya munthu mmodzi singagwire anthu awiri. Ngati mayiwo ulendowu aukonda, akwere basi mukakumane ku Chitimba, akwere phirilo pa pikapu, mukaonere limodzi mathithi a Manchewe amene amagwa mamita pafupifupi 125, tchalitchi, ndi Stone House, nyumba ya Laws imene pano amasungiramo zinthu zakale. Pochoka mudzere msewu wa phula wotulukira ku Njakwa. Pamenepo atha kukhala kumbuyo kwa mwamuna wawo, atavala helemeti yawoyawo.

Sabata imodzi musananyamuke, njinga zonse zisanu zikaonedwe: oyilo watsopano, tcheni ndi masiproketi, masipoko olimba, mabuleki, ndi matayala a mano ngati alipo amene mungakwanitse. Musakonzetse dzulo lake, chifukwa cholakwika cha makaniko chimaonekera pakatha masiku awiri. Zipangizo mugawane, musanyamule zofanana kasanu: wina machubu akutsogolo ndi akumbuyo, zigamba ndi pampu, wina masipanala ndi zitsulo zochotsera tayala, wina waya wa kilatchi, loko ya tcheni, mababu ndi chingwe chokokera, wina mabandeji ndi mankhwala. Honda yakaleyo ikhale ndi zake zapadera, popeza za Boxer sizilowa. Katundu amangidwe ndi malamba a mphira, wolemera pansi ndi pafupi ndi msana, ndipo muzionanso mabauti madzulo alionse, chifukwa mabampu a ku Thazima amamasula chilichonse chimene chinamangidwa mwaulesi. Laisensi, inshuwalansi ndi mapepala a njinga zikhale m'pulasitiki m'thumba la jekete. Marodibuloko a pa M1 ndi ambiri, ndipo gulu la njinga zisanu apolisi saliphonya.