Lipoti la dokotala lati mchimwene wanu ali bwinobwino: kodi nkhani yathera pomwepo?

Mayi a ku Santhe m'boma la Kasungu, mwalemba kuti mchimwene wanu ali pa rimandi pa mlandu wakupha, wakhala akudwala matenda a maganizo kwa zaka, koma dokotala wamuyeza n'kulemba kuti ali bwino.

Nkhani sinathe ayi. Lipoti ndi umboni chabe, wogamula ndi jaji wa High Court.

Mafunso alipo awiri, ndipo ambiri amawasokoneza. Kodi panopa angatsatire mlandu n'kudziteteza? Nanga tsiku lomwe akuti anapalamula mlanduwo mutu wake unali bwanji? Gawo 12 la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, likunena za funso lachiwirili: ngati matenda anamulepheretsa kuzindikira chomwe ankachita, kapena kudziwa kuti n'cholakwa. Dokotala amakumana ndi munthu patapita miyezi, mwina atayamba kumwa mankhwala n'kukhazikika. Kuyankha bwino lero sikutiuza za tsiku lija.

Madokotala nawonso ndi anthu. Kafukufuku wa ku America wa mu 2013 anapeza kuti akatswiri, atapatsidwa mafayilo omwewo, ankapereka zotsatira zokomera mbali yomwe ankaganiza kuti yawalemba ntchito. Sikuti ankanama, koma maganizo amapendekeka mwiniwake osadziwa. N'chifukwa chake loya ayenera kufunsa dokotalayo m'khoti: munakhala naye nthawi yaitali bwanji? Munalankhula chinenero chanji? Munamva za apolisi zokha, kapena munafunsanso abale?

Apa fulumirani. Gawo 180 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni, limalola lipoti kulowa popanda wolilemba kubwera, ngati woimbidwa mlandu sanalitsutse pasanathe masiku 7 chilandirireni. Gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko likumupatsa ufulu wotsutsa umboni. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau, ndipo loyayo angapemphe khoti kuti amuyezenso katswiri wina.

Gawo 11 la Penal Code limati aliyense ndi wabwinobwino mpaka atasonyezedwa kuti sali choncho, ndiye ntchito ili kwa inu. Sakani kabuku kake ka kuchipatala, ngakhale kothothoka masamba, ndi timapepala ta mankhwala. Lankhulani ndi amfumu ndi anansi omwe ankamuona akuyenda usiku akulankhula yekha.

Dziwaninso kuti khoti likavomera kuti ankadwala, sabwerera kumudzi tsiku lomwelo. Kawirikawiri amakasungidwa kuchipatala, monga cha Zomba Mental, kuti alandire chithandizo.