Matailosi ndi geti pa ngongole ya K6 miliyoni

Funso: Ndili ndi hadiweya yomwe imandipatsa phindu la K400,000 pa mwezi. Ndikufuna kukongola K6 miliyoni ndiike matailosi, geti ndi mipando yatsopano kunyumba. Mnzanga akuti ngakhale mafumu a ku France ankamanga nyumba zikuluzikulu kuti anthu awapatse ulemu, ndiye makasitomala akuluakulu adzayamba kundikhulupirira. Ndipite kubanki kapena kwa katapila?

Yankho: Achimwene, za banki ndi katapila tisiye kaye. Mnzanuyo nkhani waimva theka.

Mfumu Louis XIV ya ku France inamangadi nyumba yachifumu ya Versailles, nasamukirako ndi nduna zake mu 1682. Holo imodzi yokha ili ndi magalasi 357, panthawi yomwe galasi linali la anthu olemera okhaokha. Koma iye anali ndi msonkho wa dziko lonse, inu muli ndi shopu imodzi. Ngakhale zinali choncho, mu 1689 nkhondo itamudyera ndalama analamula kuti matebulo, mipando ndi zoikapo makandulo zasiliva zisungunulidwe. Zomwe anapeza zinachepa kutalitali ndi zomwe analipira, chifukwa luso la amisiri linathera m'ng'anjo. Sofa yanunso tsiku lamavuto mudzaigulitsa mtengo wolira.

Kunalinso Nicolas Fouquet, nduna ya zachuma ya mfumu yomweyi, yemwe anamanga chinyumba chake chotchedwa Vaux-le-Vicomte n'kuitanira mfumu kuphwando mu Ogasiti 1661. Mfumuyo inkamukayikira kale. Patatha masabata atatu anamumanga, ndipo anafera m'ndende mu 1680. Inu sadzakumangani, koma geti ikangoima, achibale onse adzadziwa kuti ndalama zilipo. Fizi, feteleza, maliro, zonse pakhomo panu, ngongole ili pakhosi.

Tiwerengere. Tinene kuti chiwongoladzanja ndi 5 peresenti pa mwezi: ndi K300,000 imeneyo, musanabweze ndi tambala yomwe ya K6 miliyoni ija. Mwatsala ndi K100,000. Mwezi wachiwiri mudzayamba kutapa ya simenti ndi malata, mashelefu ayamba kuyera. Kwa katapila ndiye musapondeko n'komwe.

Ndipo K400,000 imeneyo mwailemba pati? Ambiri ondilembera amatchula phindu la m'mutu, osachotsa lendi, thiransipoti, ndi misomali yomwe amalume anatenga pangongole. Gulani kope mawa, mulembe chilichonse cholowa ndi chotuluka kwa miyezi itatu. Kontirakita akabwera amafunsa ngati muli ndi matumba 200 a simenti lero, kunyumba kwanu safikako. Mukapeza phindu lenileni, muzipatula K50,000 pa mwezi, muyambe ndi matailosi a pabalaza pokha.