Msuweni akubwera kuchokera ku Joni, ndimutume synth iti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Lilongwe. Akuti wakhala akupanga nyimbo za house ndi amapiano pa FL Studio, pulogalamu ya pakompyuta yopangira nyimbo, kwa zaka zitatu, wasunga kandalama, ndipo msuweni wake akubwera kuchokera ku Johannesburg pa Khirisimasi. Akufuna amutume synthesizer (mwachidule synth, chida chamagetsi chopanga mawu a nyimbo) yeniyeni, yogwira ndi manja, koma mutu waima: Korg Minilogue XD, Arturia MicroFreak kapena Behringer TD-3? Kumapeto wawonjezera kuti chimene akufunitsitsa n'choti log drum yake, besi yogunda ngati ng'oma imene amapiano imadziwika nayo, izimveka yonenepa ngati ya anyamata a ku Joni.

Achimwene, ndiyambe ndi chakumapetochi, chifukwa ndi pamene ndalama zanu zingalowe m'madzi. Log drum ija inabadwira m'kompyuta. Kamvekedwe kamene kanatchuka ndi amapiano kanachokera mu Fruity DX10, kapulogalamu kamene kali kale mu FL Studio yanuyo, ndipo ambiri mwa amene anakatchukitsa ankapangira nyimbo m'chipinda chogona, pa laputopu. Kunenepa kumene mukumvako kumachokera m'kasanjidwe: kuikapo besi ina pansi pake, kuiwotcha pang'ono ndi distortion, kuichuna kuti igwirizane ndi kiyi ya nyimbo, ndi kuichotsera zinthu zina zimene zikulimbana nayo malo. Palibe bokosi mwa atatuwa limene lingakuchitireni zimenezo. Ngati vuto ndi lokhalo, gulani mahedifoni abwino, zotsalazo musunge.

Koma ndikukayika kuti ndi lokhalo. Munthu amene wakhala zaka zitatu akuloza ndi mouse amakhala ndi njala ina, ya zala. Ndimaidziwa. Tsiku loyamba limene ndinagwira chord ndi dzanja lamanzere, lamanja likupotokola pang'onopang'ono knob ya cutoff, imene imatsegula ndi kutseka filter (sefa ya mawu), ndinamva mawu akutseguka ngati munthu akukankha chitseko cha chipinda chimene muli phwando. Ndinakweza resonance, knob ina ya filter yomweyo, mpaka inayamba kuimba likhweru, ndikuibweza, ndikuikwezanso. Madzulo amodzi amenewo ndinamvetsa ntchito ya filter kuposa mmene ndinaimvetsera pa miyezi yambirimbiri yoonera mavidiyo. Chimene mukugula ndi chimenecho. Ndiye synth yoyamba izikhala yoti pafupifupi chilichonse chili ndi knob yakeyake pamwamba, moti mukagwira apa mukumva kusintha pompo, osati yoti muzifufuza m'timamenyu pa kasikirini konga ka wotchi.

TD-3 ndiyotsika mtengo kwambiri mwa zitatuzi ndipo imakopa. Ndi chifaniziro cha Roland TB-303 ya 1981, kabokosi kamene anakapanga kuti kalowe m'malo mwa woimba gitala ya besi. Oimba magitala anakakana, kanayamba kugulitsidwa motchipa m'masitolo a zakale, mpaka achinyamata a ku Chicago anakatola n'kuyamba kupotokola ma knob ake kakulira. Mmenemo ndi mmene munabadwira acid house cha m'ma 1987. Mbiri yokoma, koma kabokosika kamadziwa nyimbo imodzi. Kamalira noti imodzi pa nthawi, kalibe makiyi enieni, ndipo kulowetsamo manoti kumafuna mtima wa mphunzitsi wa sitandade 1. Mukaika kulira kwake m'nyimbo zitatu zotsatizana, anzanu ayamba kukufunsani ngati mulibe china. Ndi ndiwo zapambali zimenezi, mudzagule m'tsogolo.

MicroFreak ndi nkhani ina. Inatuluka mu 2019 kuchokera ku kampani ya ku France, ndipo mtengo wake umakhala cha m'ma theka la wa Minilogue XD. Ili ndi ma oscillator (magwero a mawu) a digito amitundumitundu, filter ya analogi, ndi kiyibodi yachilendo: kachitsulo kafulati kopanda makiyi otsika, kamene kamangomva khungu la chala. Ena amaikonda, ena amati ili ngati kuimba pa tebulo. Imatha kulira manoti anayi pamodzi koma onse amadutsa mu filter imodzi, ndiye ma chord ake sapuma ngati a synth ya mawu anayi enieni. Ilibenso reverb kapena delay (zopangitsa mawu kumveka ngati ali m'holo kapena kubwerezabwereza) mkati mwake. Zimene mumamva pa YouTube nthawi zambiri amakhala aziveka kale zimenezi, chikomekome cha mkuyu. Mukailumikiza yokha imamveka youma, ndipo woyamba kumene amaganiza kuti amugulitsa yowonongeka. Kwa munthu wokonda techno ndi timaphokoso todabwitsa ndi chuma. Kwa inu amene nyimbo zanu zimatsamira pa ma chord ofewa, sindikuiona ikukhala pakati pa ntchito.

Ndikanakhala inu ndikanatuma Minilogue XD. Nayonso ndi ya 2019, mng'ono wake wa Minilogue yoyamba ya 2016. Ili ndi mawu anayi enieni, kutanthauza kuti noti iliyonse ili ndi ma oscillator ake, filter yake ndi envelope yake (yolamula mmene noti imayambira ndi kuzimirira). Manoti anayi akuoneka ochepa, koma ndi okwanira ndendende ma chord a minor 7 amene deep house ndi amapiano zimadalira. Mukafuna chord ya manoti asanu, siyani noti yapansi, besi idzainyamula. Mawu aliwonse ali ndi ma oscillator awiri a analogi ndi yachitatu ya digito, imene imatulutsa timabelu ndi timawu tachitsulo timene analogi payokha siitha. Reverb, delay ndi chorus zili momwemo, choncho chimene mukumva pa mahedifoni chili kale pafupi ndi chimene chidzalowe m'nyimbo.

Chimene ndimachikonda kwambiri ndi sequencer yake ya masitepe 16. Imakumbukira manoti, komanso imakumbukira mmene mwapotokolera ma knob, mpaka anayi. Mumaika ka pattern ka manoti atatu, mukudina record, mukuyendetsa cutoff kamodzi, mukubwereza ndi delay, ndipo kanthu kamene kanali kouma kayamba kuyenda kokha. Pali kasikirini kamene kamajambula maonekedwe a mawu akulira: mukasintha kuchoka pa saw kupita pa square mumaona mano a sowo akusanduka timakona. Ndinaphunzira zambiri pongoyang'ana kameneka.

Zofooka zilipo. Makiyi ake 37 ndi ang'onoang'ono, ndipo ngati munaphunzirira pa kiyibodi ya kutchalitchi, zala zidzadandaula sabata zoyamba. Besi yake ndi yaulemu, siigwedeza malata. Mukanandiuza kuti chimene chimakusowetsani tulo ndi besi, ndikanakulozerani Novation Bass Station II ya 2013, ya noti imodzi koma yokhala ndi sub oscillator ndi makiyi akuluakulu, imenenso imatha kuyaka ndi magetsi a USB ya laputopu. Musayese kugawa ndalamazo kuti mugule tiwiri totchipa. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo chaka chidzatha musanadziwe bwino ngakhale kamodzi.

Tsopano zimene simunafunse. Waya wa USB wa Minilogue XD umanyamula MIDI yokha, kutanthauza malangizo a manoti, mawu sadutsamo. Kuti kulira kwake kulowe mu FL Studio mukufunika audio interface yokhala ndi polowetsera pawiri, monga Focusrite Scarlett 2i2, ndi mawaya awiri a jack yaikulu, chifukwa synth imeneyi imatulutsa stereo. Ngati mulibe, muwerengeretu mu bajeti, msuweni agulire limodzi. Dziwaninso kuti kagwiridwe ka ntchito kasintha. Synth ya pakompyuta mumatha kuitsegula kakhumi m'nyimbo imodzi, uku pad (ma chord ofewa otalika), uku lead (mawu otsogolera), uku pluck (timanoti tatifupi). Bokosili limalira mtundu umodzi wa mawu pa nthawi. Mumajambula pad kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mphindi zisanu ndi imodzi zathunthu, kenako n'kusintha mawu n'kujambula china. Mukafuna kukonza pambuyo pake mumajambulanso. Poyamba zimatopetsa. Ine zinandithandiza kumaliza nyimbo, chifukwa chimene chajambulidwa chajambulidwa, sindikhalanso usiku wonse ndikusinthasintha preset (mawu okonzeratu).

Za magetsi ndilankhule ndi chisoni, chifukwa zinandionekera. Kasynth kanga koyamba kanali kakang'ono, ka mabatire. Mabatire atandikwana ndinatenga adaputala ya pedal ya gitala, ndinaona yalembedwa 9V ngati mmene kabokosi kankafunira, inalowa bwinobwino. Sindinayang'ane kachizindikiro kakang'ono kosonyeza ngati pakati pa pulagi pali + kapena -. Ma pedal ambiri pakati ndi -, kanga kankafuna +. Kanangonunkha pulasitiki wopserera, basi, sikanayakenso. Choncho gwiritsani ntchito adaputala imene yabwera m'bokosi, ina iliyonse ayi. Mphamvu ya magetsi a ku South Africa ndi ya kuno ndi yofanana, 230V, koma mapulagi ndi osiyana: kwawo mano ndi ozungulira, kwathu ndi amakona. Gulani kosinthira kolimba, osati koti kamagwedera ndi kuthetheka mukakagunda. Ikaninso surge protector, ndipo magetsi akathima zulani pakhoma, chifukwa zinthu zambiri zimapsa pamene akubwerera. Minilogue XD siyendera mabatire, ndiye kukada imagona limodzi ndi firiji, pokhapokha muli ndi inverter.

Ngati msuweni apeza yogwiritsidwapo kale, palibe choipa, zinthuzi zimakhalitsa. Koma akuimbireni vidiyo ali pamalopo. Adinde kiyi iliyonse, kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Apotokole knob iliyonse uku akumvetsera ngati pali kukhwekhwereza. Aimbe manoti anayi otsatizana pa kiyi imodzi, chifukwa mawu anayi aja amalira mosinthana, ndipo ngati amodzi anafa mudzamva dzenje pa kudinda kwachinayi kulikonse. Ailumikizenso ku laputopu aone ngati ikuoneka. Pobwera nayo pa basi isalowe pansi pamodzi ndi masutikesi ndi zigubu za mafuta ophikira, aikulunge ndi bulangeti akhale nayo pampando. Risiti asunge pafupi, pa boda akhoza kuifuna.

Kuchokera lero mpaka Disembala muli ndi nthawi. Tsitsani synth ya pakompyuta, Vital kapena Surge XT, zonse ndi zaulere, mutsegule patch yopanda kanthu, ndipo muziyesa kupanga pad imodzi ndi pluck imodzi kuchokera pa saw yokha, osakhudza preset. Ikadzafika synth, mwezi woyamba muchite chimodzimodzi: ma preset a kufakitale muwadutse kamodzi kuti mtima ukhale pansi, kenako pitani pa malo opanda kanthu muyambe zanu. Mukadzajambula nyimbo yoyamba nditumizireni, ndikufuna ndimve mmene pad ya analogi ikukhalira pansi pa log drum ya DX10 ija.